Nsonga za Makina a Pakona

Makina owotcherera a pakona pa fakitale ankadya nsonga zamkuwa mochititsa mantha. Nsongazo zimakhala ziwiri, zimapana malata n'kuwalumikiza ndi moto wa magetsi, ndipo pa makina ena zimakhalitsa. Koma pakonapo, ayi ndithu. Lero makaniko wazinola ndi tupa, mkuja zaphwatalala kale ngati bowa, malata akungomatuka.

Kapitawo ananena mosapsatira mawu kuti vutolo likapanda kupezeka, makinawo akatayidwa ku zitsulo zakutha, ndipo a Madala, amene ankawayendetsa, akapuma kunyumba.

Makaniko mutu unaima. Anayeza magetsi, ali bwino. Anayeza mphamvu yopanira, ilibe vuto. Nthawi yonseyo a Madala ali pambali pake, pakamwa posatseka: za mawondo awo, za mwana wawo wosaimba foni, za malemu akazi awo. Kuseri kwa chipupa cha malata kumeneko ankagwirako okha, anzawo onse anasamutsidwira ku holo yatsopano. Makaniko ankangoti eya, eya. Komatu tisanamizane, nayenso kunyumba ankacheza ndi wailesi basi.

Tsiku lina masana makaniko anagwira paipi ya madzi oziziritsa nsonga. Yotentha! Anaitsatira mpaka kumbuyo kwa makina, n'kupeza mpopi uli wotseka theka, pachogwirira pali zidindo za zala za girisi. Kumbuyoko sikunkafika munthu wina aliyense kupatula a Madala.

A Madala anazolika.

"Nsonga zikapanda kutha, mwana wanga, kuno angabwere ndani?"

Makaniko anapsa mtima, koma chisoni chinaposa. Anatsegula mpopi wonse, n'kukauza kapitawo kuti madzi sankayenda mokwanira, wakonza. Ntchito ya a Madala inapulumuka.

Nsonga zinayamba kukhalitsa, ndipo palibenso anamuitana pakona. Ankadya yekha m'kachipinda kake ka zida, akumva makinawo chapatali akugunda bwinobwino, thi, thi. Kugunda kwabwinoko kunkamusowetsa mtendere. Anawasowa madala aja, anawasowa zedi.

Atatopa nazo, anatola tupa n'kudutsa holo yonse. A Madala atamuona anayang'ana nsonga, zili zosalala, zopanda banga, n'kunena chapansipansi kuti mpopi uja sanaukhudzenso.

"Ndikudziwa, bambo," anatero makaniko, akuvundikira ndowa kuti akhalire. "Mawondo aja ali bwanji?"