Buku Lopanda Mwini ku Matero

Ba Mutale, mphunzitsi wathu wa zamalonda, anaponya mapepala anga patebulo ngati makoko a nthochi.

"Tiwo, ni vichani ivi? Wakopa chabe mu nyuzipepa. Nifuna mabuku. Analemba ndani, chaka chiti, anasindikiza ndani. Buku ilibe ivi vitatu, taya. Ukafeluka futi, koleji yasila."

Munali mu 1999. Mutu umene anatipatsa unali tsogolo la malonda a pa intaneti. Ha! Ine intanetiyo ndinali ndisanaione n'komwe. Malonda amene ndinkawadziwa anali salaula, zovala zovalidwapo kale zimene amayi ankayala pamsika wa Matero. Koma ndinali nditalephera kale kamodzi, ndipo mantha anandigwira zenizeni.

Kuseri kwa msikawo kunali kalaibulale ka mpingo. Ndinalowamo masana dzuwa likuswa mtengo, malata akungolira okha, mopanda munthu kupatula ba Angelina, mayi wachikulire wosunga mabuku. M'kabati ya makhadi ndinapeza zinthu zitatu zokha zokhudza mutuwo. Magazini ina inali yong'ambika pakati. Buku lina linali la 1984, la makompyuta aakulu ngati mafiriji. Lachitatu linali kabuku kopyapyala, kotayipa pa makina, kosokedwa ndi ulusi. Kanalibe dzina, kanalibe chaka, kanalibe wosindikiza.

Ndinayenera kukataya, koma ndinakhala pampando wa pawindo n'kutsegula. Kanali m'Chingerezi. Kankati tsiku likudza pamene sitolo idzakhala yopanda chitseko, wogula osaona nkhope ya wogulitsa, ndipo woyamba kuuzidwa kuti apite kwawo adzakhala munthu woima kuseri kwa kauntala. Mfundo iliyonse inali ndi dzina la magazini ndi tsamba lake. Ndinakafufuza zinayi m'mashelefu, zonse zinagwirizana. Wolembayu sanali wongobwebweta.

Kumapeto kwa kabukuko kunali kathumba ka khadi lobwerekera. Nditalisolola, ndinaona dzina limodzi litalembedwa katatu.

R. Kachepa. R. Kachepa. R. Kachepa.

Anali malembedwe a bambo anga. Bambo anali kalaliki m'sitolo ya boma imene inatsekedwa mu 1993, nthawi imene makampani ankagulitsidwa. Zaka zitatu zotsatira ankamangabe tayi m'mawa uliwonse, kunyamula chikwama n'kutuluka. Kumene ankapita sitinkakudziwa. Amayi ankati kuli mkazi, ine ndinkawakwiyira mumtima, mpaka tinakawaika kumanda a Chingwere ndisanawakhululukire.

"Ba Angelina, iyi buku analemba ndani?"

Anavula magalasi n'kundiyang'anitsitsa. "Ndiwe mwana wa ba Rodgers, ka? Wankala na pa mupando wao. Benze kubwela daily, kubelenga, kutayipa pa makina yanga. Nikabauza lembani zina yanu pa buku, bakana. Ati munthu alibe nchito alibe zina."

Ndinabwerera pakhadi. Pambali pa dzina lililonse panali chidindo cha tsiku lobwezera. Chachitatu chinali 14 Juni 1996. Limenelo ndi tsiku limene bambo anagwa pakhonde n'kutisiya.

Pansi pake panali mzere wachinayi, m'malembedwe omwewo: Tiwonge Kachepa. Pamenepo ine ndinali ndidakali ku sekondale, za koleji palibe ankazilota. Ndipo pambali pa dzina langa chidindo chinali chitamenyedwa kale. Tsiku lake linali kutsogolo, kutali ndithu.

"Nanga iyi deti?" ndinafunsa, ndikuwalozera tsikulo.

"Aa, iyi sitampa ni yakale, chaka chimatelela," anatero ba Angelina. Koma khadilo sanalikhudze, ndipo manja anawabisa kunsi kwa tebulo. "Ngati uyopa, isiye chabe mwana wanga."

Ndinaopa, sindinama. Koma kusiya kabukuko kunali kusiya koleji, ndiponso kuwasiya bambo kachiwiri. Ndinakaika m'chikwama.

Ndinalemba sabata yonse. Pamndandanda wa mabuku ndinalemba dzina limene bambo anakana kulemba: Kachepa, R., 1996, Matero, losasindikizidwa. Ndinadziwa kuti ba Mutale akhoza kundikanira pa mzere umodzi womwewo.

Anandiitana patatha masiku atatu, mapepala ali m'manja, chala chili pa dzinalo.

"Nacheka ma magazini yonse yamene atchula. Uyu munthu aziba vinthu. Wapasa. Manje ni m'bululu wako, wa pa banja panu? Ali pa yunivesiti iti?"

"Ali ku Chingwere, ba Mutale."

Anandipatsa mapepalawo ndi manja awiri.

Lero amayi amagulitsa salaula pa foni kwa anthu amene sanawaonepo. Kalaibulale kaja kanasanduka sitolo ya matayala, ba Angelina nawo anapita kalekale. Kabukuko kali m'sutikesi yanga, khadi lili m'kathumba kake. Sindinabweze, chifukwa tsiku lake silinakwane. Kwatsala miyezi isanu ndi iwiri.