Kapepala ka Pansi pa Kiyibodi

Pulogalamu ya amalume inali ngati galu womvera mwini yekha. Anaiumba zaka khumi ndi zisanu, yowerengera kumene madzi osefukira angalowere mvula ikachuluka, koma inkayenda pa kompyuta imodzi basi, chimakina chakale cha pakona chomwe tinkachitcha Chigayo chifukwa cha phokoso lake. Tsono akuluakulu a payunivesite ananena kuti Lachisanu Chigayo chichotsedwa. Pulogalamuyo ikakana makina atsopano, ndiye kuti yafera pomwepo, pamodzi ndi thukuta lonse la amalume.

Ine ndine mwana wa mchemwali wawo, ndipo timagwira ntchito mu ofesi imodzi. Miyezi inayi ndinakhala ndikusesa m'pulogalamumo, kuzula mayina a mafoda awo omwe anawakhomera paliponse, kulemba malangizo, kuika mayeso oti izidziyesa yokha. Kunena zoona, masiku ena ndinkawada pang'ono.

Pagulu pathu tili ndi lamulo. Pulogalamu sitinena kuti yatha mpaka munthu amene sanaionepo aiyendetse yekha, pongowerenga malangizo, mwini wake atakhalira manja ake osatsegula pakamwa. Lachitatu m'mawa tinaitana mayi wina wofufuza zanyengo wa ku sukulu ina, yemwe anzake amangomuti a Magalasi.

"Amalume, manja pansi," ndinatero.

"Iwe, ine ndine mwana wa sukulu?"

"Lero lokha, inde."

Anakhalira manjawo uku akung'ung'udza. A Magalasi anatsata malangizo mzere ndi mzere, pulogalamu n'kudzuka pa makina atsopano bwinobwino. Mtima wanga unayamba kuvina. Kenako mapu anatuluka pa sikirini, ndipo tonse tinangoti kakasi. Madzi anali akukwera phiri, chigwa chili gwaa.

"Kwanu kuno madzi ndi olimba mtima," anatero a Magalasi.

Ine manyazi anandigwira mpaka kumapazi. Amalume thukuta linali kamukamu. Dzanja limodzi linathawa pansi pa ntchafu.

"Amalume!"

Analibweza. Koma maso alibe lamulo: ankangoyang'ana kiyibodi ya Chigayo. Ndinapita n'kuinyamula. Pansi pake panali kapepala kofiirira ndi ukalamba, komatidwa ndi selotepi, kolembedwa ndi dzanja lawo: "Fayilo ya mitunda imabwera mozondoka. Itembenuze usanayambe."

Zaka khumi ndi zisanu bambowa ankatembenuza pamanja fayiloyo, yosonyeza kukwera ndi kutsika kwa malo, ngati kumanga zingwe za nsapato, osauza munthu. Ndinapsa mtima zedi.

"Miyezi inayi ndikukufunsani ngati pali china chotsala!"

"Nanga zimenezi n'zonena?" anayankha, lamulo ataliiwala. "Aliyense akudziwa."

"Aliyense wake uti, amalume? Inu ndi Chigayo?"

A Magalasi anaseka mpaka kuvula magalasiwo. Paja mlendo ndi amene amabwera ndi kalumo kakuthwa. Ife eni ake tikanayesa tokha, amalume akanatembenuza fayilo ija mosadziwa, ndipo tonse tikanaomba m'manja pachabe.

Ndinalemba mizere isanu ndi umodzi yoti pulogalamu izizindikira yokha fayilo yozondoka, n'kuwonjezeranso mayeso ena oti madzi akakwera phiri iziima ndi kudandaula. Tinafufuta zonse za ulendo woyamba uja, a Magalasi n'kuyambiranso pachiyambi. Ulendo uno amalume anakhalira manja osauzidwa.

Madzi anatsetsereka m'chigwa monga madzi aulemu. Tinayerekeza manambala ndi akale a Chigayo, ndipo anafanana mpaka kumapeto. Ntchito imene Chigayo chinkaigaya masiku atatu inatha tiyi wathu asanazizire. Ndinakuwa mpaka a mu ofesi yoyandikana anasuzumira pakhomo.

"Ndiitenge ndikayese pa mitsinje ya kwathu?" anafunsa a Magalasi. "Ikavuta ndikuimbirani."

"Tengani, mayi," anatero amalume. "Koma ndikuona ngati simuimba."

Sanadikire Lachisanu. Anadzuka, kupita pakona, n'kuzula okha chingwe cha Chigayo. Mu ofesimo munati zii koyamba chilowereni ine ntchito. Ndinaopa kuti akhumudwa, koma atatembenuka nkhope inali ikuwala. Anamatula kapepala kaja n'kundipatsa m'manja.

"Taya, mphwanga. Yayenda popanda ine."