Dzuwa la pa Khonde la ku Kawale

Ntchito yanga ndi yojambula nyumba za anthu pa kompyuta. Ndimajambula zosanja zimene ine sindidzagonamo, za mabafa anayi ngati eni ake amangosamba tsiku lonse. Koma nyumba imene inandisautsa kuposa zonsezo inali ya zipinda zitatu, ya njerwa zootcha, ndipo inali itagwetsedwa kale.

Inali nyumba yathu ya ku Kawale. Amayi atamwalira, ababa anaigulitsa n'kubwera kudzakhala nane ku Area 25. Wogulayo sanachedwe, anaigwetsa n'kumangapo timashopu. Pamene panali chipinda changa lero pali bambo wowotcherera zitseko zachitsulo. Chithunzi cha nyumbayo tilibe, kupatula chimodzi cha tsiku la chinkhoswe cha mkulu wanga Pamela, ndipo abale anadzazana moti chooneka ndi kona ya malata basi.

Maso a ababa akutha ndi matenda a shuga. Lamanzere linasiya kale, lamanja limaona ngati kudzera m'jumbo. Adokotala sanatibisire kuti chaka chikamatha mwina adzakhala asakuonanso. Ababa sanadandaule. Anangoti tsiku lina tikumwa tiyi, "Tiyese, iwe umajambulira anthu achilendo nyumba zoti sizinamangidwe. Yathu ija sungaijambule? Ndiione kamodzi kokha."

"Imeneyo ndi ntchito ya Loweruka limodzi, ababa," ndinayankha mwamatama. Inanditengera Maloweruka asanu.

Poyamba umamanga makoma, denga ndi zitseko mu pulogalamu. Kenako umaiuza kompyuta kuti iikemo kuwala, mithunzi ndi mitundu kuti chituluke ngati chithunzi chenicheni. Kuntchito timati kurenda. Ababa anali kalipentala, ndiye miyeso yonse anali nayo m'mutu, koma m'mafiti. Pulogalamu yanga inali pa mamita, ine osazindikira. Khomo linatuluka lalitali moti basi ikanalowa bwinobwino, ndipo ababa anaseka mpaka kutsokomola. "Ndinati nyumba, mwana iwe, osati tchalitchi."

Nditakonza zimenezo, khoma la kuchipinda chochezera linayamba kutuluka lakuda bii. Ndinasintha penti, ndinasintha njerwa, osatheka. Tsiku lonse linathera pamenepo ndisanaone kuti khomalo ndinalijambula chagada, mkati muli kunja ngati malaya ovala mopotoza. Kenako kuwala kunayamba kulowera pakona pamene makoma awiri sanakumane. Kenako magetsi anazima chithunzi chitatsala pang'ono kutha, batire la laputopu n'kundithawa. Mawu amene ndinalankhula tsiku limenelo sindingawalembe pano, chifukwa ababa anali mkulu wa mpingo.

Loweruka lachitatu ndinalumikiza laputopu ku TV kuti chithunzi chikule. Ababa anakokera mpando pafupi, mphuno kutsala pang'ono kugunda galasi, akuyendetsa diso lamoyo lija kuchokera kudenga mpaka pansi.

"Yakongola," anatero. "Koma si yathu."

Ndinaganiza kuti vuto ndi ukhondo. Nyumba za mu kompyuta zimatuluka zosalala ngati simunalowe mwana. Ndiye ndinaika mng'alu uja wa pansi pa windo la kukhitchini. Chitseko ndinachipaka buluu wosuluka. Ndinaika mpopi wapanja, mtengo wa mapapaya, ndi dzimbiri pa malata a kumbuyo. Pakhonde ndinaika makina osokera a amayi ndi mpando wawo wa miyendo yosafanana, chifukwa pamenepo ndi pamene ankasokera mayunifolomu a ana a m'dera lonselo. Pojambula mpandowo ndinalira ndekha. Ndinawasowa amayi moti ndinatseka laputopu n'kupita kukaima panja.

Loweruka lachinayi ababa anayang'ananso nthawi yaitali.

"Si yathu."

Apa mtima unandipsa. Ndinali nditatopa, ndiponso ndinali ndi mantha, chifukwa sabata iliyonse ababa ankakokera mpando pafupi kuposa sabata yatha.

"Ababa, chikusowa n'chiyani? Chilichonse mwanena ndaika. Mwina vuto si chithunzi, ndi maso anuwo."

Mawuwo atangotuluka ndinafuna kuwameza. Ababa anadzuka, anapapasa khoma mpaka kuchipinda kwawo, ndipo sabata yonseyo nkhani ya nyumba sanaitchulenso. Ine ndinkapita kuntchito ndi manyazi, n'kumajambula mabafa a eni.

Loweruka lachisanu m'mawa kunali kozizira, kuzizira kwa Juni kolowa m'mafupa. Ndinawapeza ababa atatulutsa mpando panja, akuwothera dzuwa. Ndinagwada pambali pawo n'kupepesa.

"Sunaname," anatero. "Maso akuthadi. Koma mdima ndi kuwala ndimasiyanitsabe. Khonde lako lija lili pamthunzi. Mayi ako akanasokera pamthunzi mwezi ngati uno? Khonde lija ndinaliika dala loyang'ana kumpoto. Anandiuza yekha tikukumba maziko, akuti Flywell, ine zala zimauma m'nyengo yozizira, undiikire khonde kumene dzuwa la Juni limafika. Ikamakwana teni koloko dzuwa linkakhala pamiyendo pake."

Ndinathamangira m'nyumba. Ndinatsegula pamene pulogalamu imasungira dzuwa, malo amene zaka zonsezi sindinawakhudzepo. Kuntchito mnzanga Lajabu amangolikokera dzuwa kulikonse kumene nyumba ikuoneka bwino, ndipo palibe kasitomala anafunsapo. Apo ndinapeza kuti nyumba yathu ya ku Kawale pulogalamuyo inaikhazika mu mzinda wina wa ku Ulaya. Kumeneko dzuwa limadzera kumwera. Kwathu kuno mu Juni limapendekera kumpoto. Masabata onsewa ndinkawaonetsa ababa nyumba yawo pansi pa dzuwa la eni.

Ndinalemba kuti Lilongwe. Ndinasankha mwezi wa Juni, teni koloko m'mawa. Ndinaonanso kuti muvi wa kumpoto waloza kumene ababa ananena. Kenako ndinadina batani.

Laputopu yanga ndi yokalamba, chithunzi imatulutsa pang'onopang'ono, kabokosi kamodzikamodzi kuyambira kumwamba. Ndinawalowetsa ababa, tinakhala pamaso pa TV, kafani ka laputopu kakulira. Anayamba malata, kenako papaya, mthunzi wake utagwera mbali ina imene sunagwerepo m'zithunzi zonse zija. Ine ndinkangopempha chamumtima kuti magetsi asazime. Patatha mphindi makumi anayi timabokosi tinafika pakhonde. Dzuwa linalowa chopendekera pansi pa denga, linadutsa pa simenti yofiira, n'kukwera pa makina osokera ndi pampando paja.

Ndinachizindikira ndisanauzidwe. Pakona yowalayo ndi pamene ndinkakhala ndili mwana, ndikutola tizidutswa ta nsalu.

Ababa anasendera pafupi. Anatambasula dzanja n'kuliika pagalasi, pamene panali kuwalapo, ngati akufuna kumva kutentha.

"Ndi ino," anatero motsitsa. "Tafika."

Kenako ine, posowa chonena, ndinati, "Mu pulogalamumu muli zithunzi za anthu zojambulidwa kale. Ndikhoza kufuna mayi wovala chitenje n'kumukhazika pampandopo."

"Ayi, usaikepo mlendo," ababa anayankha osachotsa dzanja. "Mpando ukakhala chonchi ndiye kuti mayi ako walowa m'nyumba kukatenga ulusi. Sachedwa."

Laputopu inayamba kuchepetsa kuwala monga imachitira ikakhala osaigwira, TV nayo n'kuyamba kuda.

"Tiyese, kukuda. Ndi maso angawa?"

"Ayi ababa, ndi makinawa," ndinatero, ndikugwedeza mausi msangamsanga mpaka khonde linawalanso.

"Usazimitse. Ndimudikire pang'ono."

Ndinakokera mpando wanga pafupi ndi wawo, dzanja lili pa mausi kuti dzuwa lisachoke pakhondepo, ndipo tinadikira limodzi.