Buku Laulere la a Bobini

Mipando yobwereka inali isanathe n'kutuluka m'nyumba pamene achimwene ake anamufunsa za pasiwedi. Alembi anali atanyamula mipando iwiri, wina dzanja ili wina dzanja ilo, ndipo anaima pakhomo osadziwa ngati apitirire kapena aitule. Anaitula.

Dzina loti Alembi anamupatsa ndi bambo ake, amene anali ataikidwa m'manda masiku anayi apitawo. Malemuwo anali okonza makina osokera, moti matelala onse ankangowatchula kuti a Bobini, potengera kachitsulo kokulungapo ulusi m'makina. Atayamba kukalamba anagwidwa ndi nthenda yolemba. Ankalemba ndi pensulo m'kope zonse zimene ankadziwa za makina, n'kujambula masambawo ndi foni, n'kutumizira mwana wawo wamkaziyu kutali kumene ankagwira ntchito m'sitolo ya mankhwala. Iye ankataipa akaweruka, n'kuika bukulo pa intaneti kuti aliyense alitsitse m'foni mwake kwaulere. Pasiwedi ya tsambalo ankaidziwa ndi iye yekha, poti bambo ake ankati mutu wawo ndi wa masikuluwu, manambala sakhalamo.

"Ndikufuna bukulo lichoke lero," anatero achimwene akewo, "usanakwere basi yako mawa."

Sanalankhule mokalipa, ndipo n'zimene zinamuvuta Alembi. Akanakalipa bwenzi atawabwezera. Koma munthuyo anali atatheratu, maso ofiira, malaya omwewo a dzana. Anafotokoza kuti shopu ya bambo tsopano ili m'manja mwawo, pamodzi ndi amayi komanso ana atatu a iwo eni. Anati kale telala ankabwera ngakhale makina angotsokomola, koma masiku ano aliyense ndi mkonzi. Amatsegula foni, n'kuwerenga mutu wachitatu, n'kumasula yekha. Ku shopu kumangofika makina amene afa kale. Bambo akanatha kugawa nzeru zawo kwaulere chifukwa anali atalera kale ana, koma iwo anali asanalere.

Alembi anafunafuna bodza m'mawu amenewo ndipo sanalipeze.

Analowa kuchipinda kumene amayi ake ankapinda zovala za malemu n'kumaziika m'katoni. Anawafunsa maganizo awo. Amayiwo sanadzutse n'komwe mutu. Anati iwo anakhala pamitala ndi kope zaka zisanu ndi ziwiri, munthu kudya uku akulemba, kumulankhula iye akujambula kasikuluwu, ndiye asawafunse za mkazi mnzawoyo. Akufuna alichotse, akufuna alisiye, bola asakangane maliro asanazizire. Kenako anagwira malaya ena a kuntchito, othimbirira mafuta m'matumba, n'kuwayang'ana nthawi yaitali. Sanawaike m'katoni, anawasiya pa bedi.

Chakumasana kunafika mlendo wochedwa maliro, mayi wina wonenepa, thukuta kamukamu. Palibe ankamudziwa. Anati ndi telala, wasintha basi kawiri kuti afike, ndipo a Bobini sanawaonepo n'kamodzi komwe. Anatulutsa foni yong'aluka galasi, yomangidwa ndi mphira kuti batire isagwe, n'kuwaonetsa bukulo. Anasimba kuti makina ake anaima sabata imene analandira ntchito yosoka mayunifomu a sukulu yonse, ndipo kumene amakhalako wokonza makina kulibe, kumupeza ndi ulendo wa tsiku lathunthu. Mnzake wina ndiye anamutumizira bukulo. Analitsatira tsamba ndi tsamba mpaka makina analira. Atawalembera uthenga wothokoza, a Bobini sanayankhe n'komwe za kuthokozako. Anangomufunsa ngati zilembo zikuoneka bwino pa foni yake, komanso ngati bukulo silinamudyere deta yambiri.

Alembi anakumbukira mmene ankakanganira ndi bambo ake pa nkhani yomweyo. Iye ankafuna zithunzi zenizeni zamitundumitundu, iwo ankaumirira zojambula pamanja kuti bukulo likhale lopepuka. Ankamubwezera ntchito kangapo, iye atatopa ndi kuima tsiku lonse pa kauntala, ndipo nthawi zina ankafika politukwana bukulo chamumtima.

Mlendoyo atachoka, achimwene ake anangoti, "Wamva? Ameneyo ndi kasitomala amene tinataya."

Anawayankha kuti munthu wokhala kutali choncho sakanabwera ku shopu ngakhale bukulo kukanakhala kulibe. Iwo anavomera, koma anati matelala a mumsewu wawo womwewo, amene amapatsana nawo moni m'mawa uliwonse, nawonso ali nalo m'mafoni. Zimenezonso zinali zoona. Alembi anali atatopa. Masiku asanu ndi atatu a kuchipatala, masiku anayi a kulandira alendo, mawa basi, mkuja kauntala. Analibenso mphamvu zoteteza buku limene iye mwini linamutopetsa. Anati chabwino, alichotsa.

Anapita ku shopu ndi achimwene ake, poti kunyumba netiweki inkavuta. Chinali chipinda chimodzi chopanikizana, chonunkha mafuta ndi dzimbiri. Mitu ya makina inali ndandanda pa shelefu, uliwonse ndi kapepala ka mwini wake komangirira ndi ulusi. Mpando wa bambo unali pomwepo pafupi ndi zenera, ndi katsamiro kake kophwatalala, ndipo onse awiri anaulambalala. Alembi anaika laputopu pa tebulo pakati pa mabobini, n'kulemba pasiwedi. Inakana. Analembanso, inakananso. Mutu unali utaima. Anakumbukira kuti tsiku lina anawatumizira bambo ake pasiwediyo pa foni kuti aisunge, ngakhale ankadziwa kuti sadzaigwiritsa ntchito, ndiye anatsegula mauthenga awo kuti aifufuze.

Asanafike pa pasiwedi anakumana ndi zithunzi. Zinalipo khumi ndi chimodzi, zonse zosatsitsa, zongooneka mbuu. Bambo anazitumiza miyezi itatu yapitayo. Pansi pake panali yankho lake iye mwini: ndiona mawa. Patapita sabata iwo analemba, Alembi, mwaona? Iye anayankha kuti ntchito yachuluka. Sanafunsenso.

 Anadina chithunzi choyamba, kenako chachiwiri. Zinali zokonza wamba, apa chotsa, apa onjeza. Chachisanu ndi chinayi chinali mutu wonena za shatulo, kachitsulo kamene kamakola ulusi wapansi, ndipo chala chachikulu cha bambo chinkaoneka m'mphepete chitapanikiza tsambalo. Anawerenga kamodzi chamumtima. Achimwene ake anafunsa ngati zatheka. Iye anangoyamba kuwerenga mokweza.

"Owerenga anga, pa mutu uno ndakhala ndikukusocheretsani. Ndinati shatulo ikaperepeseka mugule ina. Mwana wanga wamwamuna amaibwezeretsa osagula kanthu, ndipo imasoka bwino. Ndinamuseka kuti ndi zigamba. Si zigamba, ine ndi amene ndinali wouma mutu. Ndayesa kumuonera cham'mbali koma manja ake ndi achangu, maso anga atha. Kumufunsa ndekha ndalephera. Alembi, mumufunse ndinu. Akakana musamukakamize, ndi chakudya cha ana ake."

 Panja wina ankakhoma chitsulo, njinga yamoto inadutsa.

Nkhani ya shatuloyi Alembi ankaidziwa bwino, monga aliyense pa banjapo. Bambo ndi mwana anakangana zaka ziwiri, mpaka kufika podyera mbale zosiyana. Ndipo njira imeneyi ndi yokhayo imene inkakokabe anthu ku shopu, chifukwa m'buku munalibe, ndiponso mkonzi wina aliyense sankaidziwa.

"Analemba liti?" anafunsa achimwene ake.

"Miyezi itatu yapitayo."

"Ndipo iwe sunatsegule."

"Sindinatsegule, achimwene."

Anayembekezera kuti amulalatira, ndipo akanamva bwino akanatero. Koma iwo anakhala pansi pa kabokosi ka zida, n'kugwira kumaso ndi manja onse awiri. Patapita nthawi anayamba kulankhula motsitsa, ngati akudziuza okha. Anati m'mawa uliwonse, miyezi yonseyo, bambo akangokhala pa mpando wawo ankafunsa kuti, mlongo wako sanakuimbire? Iwo ankayankha kuti ayi, n'kumadabwa kuti nkhalambayi yayamba liti kusamala za mafoni a anthu. Kenako kufunsako kunatha. Bambo anayamba kumangowayang'ana akugwira ntchito, osanena kanthu.

"Anapita akuganiza kuti ndinakana," anatero.

Alembi analira pamenepo, kulira kumene kunamukanika kumanda. Anapepesa, koma kupepesako kunamveka kochepa ngakhale m'makutu mwake. Anati pasiwedi waipeza, ili pamwamba pa mauthengawo, ndipo ngati akufunabe alichotsa bukulo pompano. Bambo anena okha kuti asakakamizidwe. Ananena zimenezi ndi mtima wonse, poti sankaonanso kuti iye ali ndi ufulu woweruza chilichonse.

 Achimwene ake anadzuka n'kuyamba kutsegula madilowa a tebulo la bambo, limodzi limodzi. Loyamba munali singano ndi malamba. Lachiwiri munali magalasi akale othyoka mwendo. Kopelo analipeza m'dilowa lapansi, litakulungidwa mu pulasitiki kuti lisadonthere mafuta. Anavundukula mpaka pa tsamba lija. Pansi pa mawu amene Alembi anawerenga, pamene chithunzi chinadukira, bambo anali atajambula mizere ndi rula, yowongoka bwino, yopanda kanthu. Pakati pa masambawo anasiyapo pensulo yosongola kale, yosalembapo.

Anaima nalo kopelo nthawi yaitali. Alembi ankaona milomo yawo ikuyenda, akuwerenga mizereyo.

"Mizere isanu ndi umodzi," anatero. "Ntchito ya zaka ziwiri, mizere isanu ndi umodzi. Mpaka pano akundipeputsabe mkuluyu."

 Anapukuta mphuno ndi mkono wa malaya, n'kumuuza kuti atseke laputopuyo, batire ingathe pachabe, ndiponso kuti mawa asakwere basi ya m'mawa, akwere yamasana. Kenako anakoka mpando wa pa zenera uja, n'kukhalapo, n'kusuntha mabobini kuti kope lipeze malo. Anafunafuna rula pa tebulo mpaka anaipeza pansi pa chitini cha mafuta, ndipo anayamba kuwonjezera mizere pansi pa ya bambo ake.