Kadambo ka Nankhoma

Faines anatulutsa khasu tsiku lometa maliro, tsitsi lisanasesedwe n'komwe pabwalo. Amayi ake, Nankhoma, anali atagona m'manda masiku atatu okha, koma iye nkhani inali imodzi basi: chikande.

Paja m'mapiri a Ntchisi chikande chinatha kalekale. Anthu anakumba timbatata take mpaka madambo kuyera, ogula akungodzaza matumba. Koma Nankhoma chaka chilichonse ankatsika nacho m'phiri, malo ake osauza munthu. Anangoululira Lidia yekha, mtengwa, mkazi wa mchimwene wake wa Faines. Nsanje inamuotcha Faines pachifuwa. Mwana wobereka wekha kumubisira, n'kukaonetsa mwana wa eni?

Faines anamuuza Lidia mosapsatira kuti za mayi ndi za mwana wamkazi, wobwera alibe gawo, komanso wogula wa ku Dowa Boma akudikira thumba. Lidia anangomanga chitenje n'kutsogola.

Anakwera kudutsa m'mitengo ya masuku mpaka pa kadambo kobisika kuseri kwa thanthwe. Faines anangoti kakasi. Maluwa a chikande, oyera ndi ofiirira, anali ponseponse, maluwa amene anawaona komaliza ali kamtsikana. Pakati pa kadamboko panadutsa mzere wa miyala.

Lidia analoza mbali yochepa maluwa nati ndi kumene ankakumba ndi malemuwo, apa ndi apo, maluwa akauma n'kugwetsa njere. Kenako analoza mbali inayo.

"Kodzadzako sindinapondeko, alamu. Zaka zisanu ndi chimodzi ndawanyamulira dengu, ndawasambitsa akudwala, koma ankangoti uko n'kwa Faines, akadzasiya phuma. Inu obwera pa Khirisimasi pokha."

Kani nsanje inali uku ndi uku! Faines anachita manyazi. Ankadziwa bwino kuti kukumba tsopano, njere zisanagwe, n'kupha kadambo konse. Anaika khasu pansi, nagwada, n'kuyamba kuchotsa miyala ija kuti malire athe.

Atachotsa wachitatu, Lidia anamugwira dzanja.

"Isiyeni. Amayi anainyamula okha kuchokera kumtsinje, akutsokomola."

Lidia anatola mwala uja, naupukuta ndi chitenje, n'kuubwezera m'kadzenje kake momwe unalili.