Khoma Limene Mbuzi Zinadya

Kodi mungalote kuti khoma la pabalaza pa Thandiwe wa ku Senga Bay, limene mlendo wodziwa zinthu analisisita n'kulumbira kuti zotere zimapezeka kunja kokha, linakutidwa ndi chiyani? Musafulumire kuyankha. Yambani mwamva mmene nkhani yake inayendera.

Thandiwe ankagwira ntchito yokonza zipinda pa loji ina ya m'mbali mwa nyanja. Zaka khumi ndi ziwiri zoyala mabedi ndi kupukuta magalasi zinamuphunzitsa kuti chipinda chimayamba kulankhula mwini wake asanatsegule pakamwa. Chaka chimenecho eni loji anaitanitsa mipukutu ya mapepala omata kukhoma. Pamapepalawo panajambulidwa bango lofiirira, loimirira mondondozana, lomangidwa ndi mizere iwiri ya chingwe. Alendo ochokera m'mizinda ndi kunja akalowa m'zipindamo ankaima kukamwa kuli yasa. "Kukongola ngati kumudzi!" ankatero, n'kuyamba kujambula ndi mafoni awo.

Amisiri atamaliza ntchito, mipukutu ina inatsala pamodzi ndi theka la chitini cha guluu. A Harold, manijala wa lojiyo, anauza Thandiwe kuti atenge, chifukwa zinkangodzaza malo m'chipinda chosungiramo katundu. Thandiwe anazimangirira pa njinga ya kabaza, iye n'kuyenda wapansi pambali pake kuti zisagwe.

Anapeza mwamuna wake, Yakobo, ali pansi pa mtengo wa mango. Yakobo anali wosoka mphasa. Zina anthu ankagula zogonera, zina amalonda a nsomba ankayala pa mathandala poyanika usipa.

"Mwatenga chiyani, mayi a Mwayi? Makalendala?"

"Makalendala a chiyani mwezi wa Juni? Taonani kuno."

Thandiwe anatambasula mpukutu umodzi. Yakobo anauyang'ana, n'kuuyang'ananso, kenako anaseka mpaka kutsokomola.

"Bangotu ili!"

"Ndi pepala la kuloji."

"Ndikuona kuti ndi pepala. Koma ine ndikuti tinavutika zaka zisanu, kuumba njerwa, kuziwotcha, kupulasitala, kuti tichoke m'nyumba ya bango. Lero mukufuna timate chithunzi cha bango pamwamba pa simenti?"

"Inu simungazimvetse, bambo a Mwayi. Ndi mmene anthu akukongoletsera nyumba masiku ano."

"Ndiye bwanji osangotenga ndakhalirali? Ili limanunkhirako."

"Ilo ndi la usipa," anayankha Thandiwe, akupindanso pepala lake mosamala.

Thandiwe anali ndi chifukwa chake. Mwana wawo mmodzi yekha, Mwayi, yemwe ankaphunzitsa pa sukulu ya pulayimale, anali atapeza mnyamata wa ku Khombedza dzina lake Enock. Loweruka la sabata yotsatira, abale a Enock ankabwera kudzaona pakhomo, nkhani ya chinkhoswe isanayambike. Wotsogolera ulendowo anali azakhali ake a Enock, mayi Monica, amene anakhalako ku Joni zaka zisanu ndi chimodzi ndipo tsopano anali ndi shopu ya makatani m'tauni ya Salima. M'banja la Enock, mayi Monica akakana chinthu ndiye kuti chakanika. Ndipo mphepo inali itafikitsa kale mawu awo m'makutu mwa Thandiwe: akuti ana a kunyanja ndi abwino, koma nyumba zawo ndi zoyanikamo nsomba. Thandiwe sanafune kuti Mwayi akalowe m'banja limenelo atazyolika.

"Tsiku limenelo mphasa zanu mubise kuseri," anauza Yakobo. "Singano yanunso isaoneke. Akakufunsani za ntchito, munene kuti mumachita bizinesi ya nsomba."

Yakobo anakoka chingwe. "Ndamva," anatero, n'kupitiriza kusoka.

Ntchito yomata inayamba Lamulungu atachoka kutchalitchi. Thandiwe anali ataonetsetsa mmene amisiri a kuloji ankachitira. Anamanga mwala kuchingwe n'kuulendewetsa kuti apeze mzere wowongoka. Mwayi ankagwira pepala kumwamba ataimirira patebulo, iye akulisalaza ndi kansalu kuti mpweya utuluke. Bango la pepala lina linkayenera kukumana ndi la linzake, mizere ya chingwe n'kulumikizana ngati yasokedwa ndi munthu mmodzi. Pofika Lachitatu madzulo, makoma atatu anali atatha. Amayi oyandikana nawo ankasuzumira pawindo n'kumagwira pakamwa. Thandiwe ankangoti, "Lowani muone bwino, si zoletsedwa," mtima wake ukuvina.

Koma guluu anathera pomwepo. Linatsala khoma limodzi, loyang'anizana ndi khomo, limene mlendo amayamba kuliona akangolowa.

Thandiwe sanade nkhawa. Anakumbukira kuti ali mwana, amayi ake ankamata manyuzipepala m'nyumba ndi phala la ufa wa chinangwa, ndipo ankakhala mpaka mvula ziwiri. M'mawa mwake, tsiku limene iye sankapita kuntchito, anaphika phala lamadzimadzi, analisefa bwino n'kulisiya kuti lizizire. Linagwira kuposa guluu wa m'chitini. Pofika masana khoma lomaliza linali litavala, ndipo mapepala anakwanira ndendende, kungotsala kachidutswa ngati chikhatho. Anatsegula mawindo ndi chitseko kuti phala liume msanga, anavala bulauzi yake yoyera n'kupita ku Mvano. Mwayi anali kusukulu, Yakobo anali atapita kukasiya mphasa kudoko.

Pobwerera, adakali kuimba nyimbo ya ku Mvano chapansipansi, anamva phokoso m'nyumba. Atalowa anapeza mbuzi zitatu za a Binali, oyandikana nawo nyumba. Imodzi inali itakwera pampando, pepala lili lende kukamwa. Fungo la chinangwa ndilo linaziitana. Popeza phala linali lisanaume, mbuzi ikakoka pansi pepala lonse linkasendeka kuyambira kudenga. Makoma atatu a guluu zinangowanunkhiza n'kuwasiya. Koma khoma lomaliza linali mbee, phala likuyenderera.

Thandiwe anavula nsapato n'kuziponyera. Mbuzi zinathawa zikutafuna. Anaimbira foni a Harold, koma iwo anati palibe mpukutu wina wotsala, ndipo kuitanitsa ena kungatenge mwezi. Pamenepo anakhala pansi, bulauzi yoyera ili phala lokhalokha.

Yakobo anamupeza ali chomwecho. Anayang'ana khoma, anayang'ana mapazi a mbuzi pasimenti.

"Nazonso zimafuna zakumudzi," anatero.

"Musandiseke, bambo a Mwayi. Kwatsala tsiku limodzi. Mayi aja akadzalowa muno adzati tinayamba chinthu choti sitingachikwanitse. Adzaseka Mwayi, osati ine."

Yakobo anapita pakhoma paja. Anayeza khomalo ndi mikono yake, m'litali ndi m'lifupi, kenako anatola kachidutswa ka pepala kaja n'kukaika m'thumba la malaya. Thandiwe sanasamale n'komwe. Lachisanu kutacha, Yakobo anatenga njinga n'kuchoka, ndipo anabwera dzuwa litapendeka, atatopa ngati walima munda. Anangoti anali kwa mnzake Mustapha. Thandiwe anakwiya mumtima kuti munthu angapite kocheza nyumba ili pamoto. Iye anali atatsuka khoma lija n'kukhomerapo zitenje ziwiri. Zinkaoneka ngati nsalu yomanga pabala, koma akanatani?

Loweruka m'mawa Thandiwe ankayenera kukagwira ntchito mpaka masana, chifukwa kuloji kunali gulu la alendo limene linkanyamuka. Abale a Enock anali atanena kuti afika cha m'ma 2 koloko.

"Pitani kuntchito, pakhomo pali ine," anatero Yakobo.

"Mphasa zija mubise."

"Ndinamva kale."

Koma minibasi ya ku Khombedza inadzaza msanga tsiku limenelo. Thandiwe atatsika pa kabaza, 12 koloko isanakwane, anamva mawu achilendo pabalaza. Anazungulira kuseri n'kulowera kukhitchini, kumene anapeza Mwayi akuika makapu pathireyi.

"Afika kale, amayi. Azakhali ndi amalume ake."

"Mayo ine! Zitenje zija sizinagwe?"

"Kaoneni nokha," anatero Mwayi, akubisa nkhope.

Thandiwe anasamba kumaso, anamanga chitenje chatsopano, n'kulowa chowerama. Anagwada patsogolo pa amalume a Enock, kenako pa mayi Monica, mayi wonenepa wovala magalasi ndi ndolo zagolide. Anawafunsa mmene ayendera, nawonso anamufunsa za pakhomo. Atamaliza malonje anakhala pambali, ndipo m'pamene anakweza maso.

Zitenje panalibe. Khoma lija linali litavala kuyambira pansi mpaka kudenga. Bango lake linaimirira mondondozana, lofiirira ngati la makoma enawo, ndipo mizere iwiri ya chingwe inachoka pakhoma la kumanzere, n'kudutsa pamenepo, n'kukalumikizana ndi ya kumanja popanda kuphonya. Thandiwe anadabwa. Kodi mwamunayu anakagwadira a Harold? Kodi dzulo anapita ku Lilongwe? Anamuyang'ana, koma Yakobo anali atavala jekete lake la kutchalitchi, maso ali pansi, manja atawabisa pakati pa mawondo.

Atamwa tiyi, mayi Monica anaimirira.

"Mundikhululukire, amayi, ine ndine wa makatani, maso anga sakhala phee. Ndione nawo?"

"Onani, khalani omasuka," anatero Thandiwe.

Mayi Monica anayamba ndi khoma la kumanzere. Analisisita ndi chikhatho. "Mapepala awa ndimawadziwa. Ndi abwino ndithu, ndipo anamata ndi waluso, palibe pofufuma. Koma ndi wamba, osalala ngati kalendala." Anasuntha n'kufika pakhoma loyang'anizana ndi khomo. Atangoligwira anaima. Anayendetsa chikhadabo chake chopentedwa, ndipo khomalo linalira kuti kwerere.

"Alamu, tabwerani mudzagwire!" anaitana amalume a Enock. "Ili ndi lija lodula, lochita kutuluka mizere. Ndinaliona kamodzi kokha, mu hotela ina ku Joni. Kuno kwathu simungalipeze, ndikulumbira. Mwachita bwino kuliika moyang'ana khomo. Amayi, munaligula kuti?"

Thandiwe anayang'anitsitsa khomalo. Mphepo inalowa pawindo, ndipo anamva fungo limene ankalidziwa kuyambira tsiku limene analowa m'banja. Nthawi yomweyo Yakobo anatambasula dzanja kuti asunthe kapu, ndipo Thandiwe anaona kuti zala zake zitatu zinali zomangidwa ndi tinsanza. Anayang'ananso khoma lija, kenako zala zija.

Mayi Monica, poona kuti yankho likuchedwa, anatembenukira kwa Yakobo. "Kapena anagula ndi bambo? Paja bambo mumagwira ntchito yanji?"

Yakobo anakonza kukhosi. "Ine ndimachita bizinesi ya..."

"Pepani, bambo a Mwayi, ndiyankhe ndine," anatero Thandiwe. Anawongola msana, n'kuyang'ana mlendoyo m'maso. "Amuna angawa ntchito yawo ndi imene mwaigwira ndi dzanja lanuyo. Makoma atatuwo ndinamata ndine, ndi mapepala a kuloji. Ilo mbuzi zinadya dzana, chifukwa ndinamata ndi phala la chinangwa. Limene mukuliyamikalo silinagulidwe kulikonse."

 Mayi Monica anavula magalasi, anayandikira khoma mpaka mphuno kukhudza, ananunkhiza. Anatsatira mzere wa chingwe ndi chala mpaka pakona, pamene unakumana ndi mzere wojambula. Kenako anaomba m'manja n'kuseka mpaka ndolo kugwedera.

"Ine Monica, wa ku Joni, ndapusa lero! Alamu, musakanene kunyumba."

"Ndikanena ndisanavule nsapato," anatero amalume aja, nawonso akuseka.

"Bambo, mwachita izi masiku angati?" anafunsa mayi Monica.

"Dzulo ndi lero m'mawa, amayi. Mnzanga Mustapha anandibwereka khonde lake ndi vanishi pang'ono, kuti mtundu ufanane."

"Ndiye kushopu kwanga mubwere, khoma la kumbuyo kwa kauntala likufuna zomwezi." Mayi Monica anakhala pansi, n'kuyang'ana Mwayi, amene anali atagwada pakhomo ndi thireyi. "Iwe mwana, tabwera ukhale pafupi ndi ine. Alamu, yambani zimene tabwerera. Ine maso anga akhuta."

Amalume a Enock anayamba kulankhula, ndipo tsiku loti ankhoswe a mbali zonse akumane linatchulidwa tiyi wachiwiri asanazizire. Thandiwe ankamva zonse, koma maso ake ankabwererabwerera kukhoma. Alendo atawaperekeza kumsewu, iye anapita kuseri kwa nyumba, anatenga mphasa zimene zinabisidwa zija n'kuziimika pakhonde la kutsogolo, pamene aliyense wodutsa angazione.

"Nanga si munati ndi za usipa?" anafunsa Yakobo, akuvula jekete.

"Bweretsani zalazo kuno ndizitsuke," anatero Thandiwe. "Mawa mudzayeze khoma la kuchipinda."

Khoma lija linakutidwa ndi bango lenileni la ku dambo la Mpatsanjoka, limene Yakobo analing'amba, n'kulisoka ndi chingwe cha khonje ndi singano yake ya sipoko ya njinga.