Madzi Ofunda a ku Injini

Kenan anali atatsokomola sabata yathunthu, ndipo tsopano m'khosi ndi m'khwapa mwake munatuluka zilonda. Victoria, mayi ake, sanadikire kuti ziwonjezeke. Anamubereka n'kukwera mtunda wa ku chipatala cha mishoni, mwamuna wake Ignasio akutsatira pambuyo.

"Mumamusambitsa kuti mwanayu?" anafunsa a Sibongile, namwino wa pamenepo.

"Ku ngalande ya injini. Madzi ake ndi ofunda. Ndi chisanu cha Julayichi, ndani angaviike khanda mumtsinje? Komanso mtsinjewo uli kuti? Injini yanu ija inaumwa!"

Injiniyo inali ya nthunzi. Inkadya nkhuni, kumwa madzi a mumtsinje, n'kumapereka magetsi ku chipatala.

"Madzi amenewo ali ndi mafuta a makina, mayi. Ndiwo awononga khunguli. Ndipo mukamamusambitsa pamenepo, mwana amapuma utsi wa chumuni."

Victoria anapsa mtima. "Ndiye mumatidwalitsa kumunsi kuti mudzatichize kumtunda? Bwanji simunatiuze?"

"Ndikukatenga nkhwangwa," anatero Ignasio. "Paipi ya madzi ya injini ija ndiidula lero lomwe!"

"Kaduleni, bambo," anayankha a Sibongile. "Koma mayi wina akadzavutika pobereka, adokotala adzamuthandiza ndi kuwala kwa koloboyi? Magetsi tikuwafuna. Tiyeni tikafunse mwini injini chimene chingakonzedwe."

Anakapeza a Alufeo, woyendetsa injiniyo, akuponya nkhuni pamoto. Victoria sanapereke ndi moni womwe. Anamasula mwana n'kuwaonetsa zilondazo.

"Taonani ntchito yanu, a Alufeo! Mwana wanu mukanamusambitsa m'madzi amenewa?"

A Alufeo anayang'ana pansi. "Za madziwo ndalakwa, ndinkaona amayi akusamba osanena kanthu. Koma za utsi, mayi, gwirani ichi." Anamupatsa chikuni. Chinali chachiwisi, chikudontha utomoni. "Nkhuni zouma sizifuka chonchi. Afunseni amuna anuwa amene amandibweretsera zimenezi."

Victoria anatembenuka pang'onopang'ono.

"Bambo a Kenan! Ndinu?"

"Aaa, kuumitsa kumachedwetsa..."

"Kumachedwetsa! Mwana akubanika, inu muli pa changu? Ndiye mumati mukadule paipi ya eni ake!"

Ignasio anangokanda m'mutu.

A Sibongile anawakhazika onse pansi, ndipo anapangana zochita. Ignasio ndi anzake odula nkhuni anamanga chisakasa choumitsiramo nkhuni. A mishoni anatalikitsa chumuni kuti utsi uzipita kutali ndi nyumba. Madzi a mafuta aja anawakumbira dzenje la mchenga ndi miyala, n'kulitchingira ndi mpanda. A Alufeo anamanga thanki kuti madzi ena azibwerera mu injini, m'malo momangotunga atsopano.

Victoria sanakhulupirire msanga. Tsiku lililonse ankayang'ana chumuni chija, ndipo utsi ukada ankapita kukakalipa. Kenan ankamusambitsa kunyumba ndi madzi otenthetsa yekha. Mwezi usanathe zilonda zinauma, chifuwa chinaleka, ndipo mtsinje unayambanso kufika kumudzi. Magetsi a ku chipatala sanazime.

Magetsi ndi abwino, koma makina owapanga amamwa madzi athu ndi kuipitsa mpweya umene timapuma. Musasambitse ana m'madzi otuluka m'makina, ngakhale akhale ofunda bwanji. Mukaona vuto, musaphwanye makinawo. Pitani kwa eni ake, lankhulani mopanda mantha, ndipo musaleke mpaka akonze.